Tagulitsa nkhope ya agogo pa okushoni ya ku Joni

Ena mwakhala mukundifunsa kuti kodi nzoona kuti banja lathu lagulitsa chithunzi cha agogo kwa azungu. Nkhani ikamayenda pakamwa imanenepa. Ndamva kuti ena akuti tapata mamiliyoni, eti ndikufuna kugula lole. Lole yake iti? Ndiye ndati ndilembe ndekha m'mene zidayendera. Amene muli ndi bandulo werengani mpaka pansi, ndi yaitali.

Agogo amene ndikunenawa ndi bambo awo a malemu mayi anga. Adapita ku Joni nkhondo ya Hitler itangotha. Sadapite pa Wenela ayi, adapita pa selufu, kwina wapansi, kwina kupempha malole. Kuno ku Kasungu ulendo umenewu si wachilendo. Kamuzu amene ali mnyamata adachoka kuno wapansi, nakagwira ntchito ku Hartley ku Rhodesia asadafike ku migodi ya ku Joni. Ambiri amene adatsata njira imeneyi adasanduka matchona, mpaka lero manda awo sitiwadziwa. Agogo adabwera mu 1951 ndi bokosi lachitsulo, mabulangete awiri, njinga, ndi chithunzi chimenechi atachikulunga m'malaya.

Si chithunzi cha kamera. Munthu adachita kukhala pansi nkuwajambula pamanja ndi choko, pa pepala lochindikala la mtundu wa khaki, kukula kwake ngati lichero laling'ono. Nkhope ndi tsitsi adagwiritsa choko chakuda, kolala ya shati ndi kadontho ka m'diso choko choyera, m'masaya kofiirira pang'ono. Kuseri kudalembedwa 1949 ndi pensulo. Pakona yapansi pali tizilembo tiwiri ta wojambulayo, koma tidafufutika, ngakhale aphunzitsi akulu opuma amene timapemphera nawo adalephera kutiwerenga ndi magalasi awo.

Mwa ana onse a agogo watsala mmodzi, mayi athu aang'ono, amene tsopano maso akuwavuta. Iwowo ndi amene amadziwa mbiri yake. Akuti ku komponi kunkabwera munthu wina wakuda Lamulungu lililonse, atanyamula mapepala ndi kabokosi ka choko, nkumajambula anyamata a mumgodi pa mashereni angapo kuti azitumiza kumudzi. Ndipo jekete ndi tayi zimene agogo avala pachithunzipo sadakhale nazo. Adakhala pampando ndi malaya a ntchito, wojambulayo ndiye adawaveka jekete ndi choko chake, pa mtengo womwewo. Mayi aang'ono akamafotokoza pamenepa amaseka mpaka misozi. Akuti agogo aakazi adafufuza m'bokosi lonse kufuna jekete ija kuti aichape.

Chithunzichi chaona zambiri. M'zaka za m'ma 1970 agogo adali ndi katiyirumu, ndipo adachipachika m'menemo. Inu achinyamata simungadziwe, nthawi imeneyo pa malo a bizinesi pamayenera kukhala chithunzi cha Ngwazi, ndipo china chilichonse chisakhale pamwamba pake. Agogo adazula msomali nkuutsitsa, nkhope yawo nkumakhala m'munsi, pafupi ndi ketulo. Nchifukwa chake mbali imodzi ya pepalalo idada ndi utsi. Pa njala ya 2002, imene anthu a kuno sitiiwala, tidagulitsa mbuzi, wailesi, njinga ya agogo ija, mpaka malata a khitchini, kusinthanitsa ndi ndowa za chimanga ndi gaga. Chithunzi chidatsala chifukwa panalibe amene akadapereka ngakhale mbale ya madeya posinthana ndi nkhope ya munthu wakufa.

Tsono mwana wamwamuna wa achemwali anga ali ku Johannesburg, amagwira ntchito pa kampani yonyamula katundu wa anthu akamasamuka. Nthawi zina amakatula mipando yakale ndi zithunzi ku nyumba zimene amachititsa okushoni ya zinthu zakale. Atabwera pa Khirisimasi adachiyang'ana nthawi yaitali, nkuti, "Amalume, zoterezi kuja anthu amalimbirana. Mundilole ndichijambule pa foni ndikafunse." Ine ndidangoti jambula, poganiza kuti ndi nkhani za anthu a ku Joni. Mu Febuluwale adatumiza yankho. Mayi wina wa ku nyumba ya okushoni adati akuchifuna, ndipo m'kuona kwake chingagulidwe pakati pa marandi 8,000 ndi 12,000.

Mwezi womwewo matalala adagwa m'munda mwanga. Amene mumalima bale mukudziwa chimene matalala amachita ndi tsamba loti latsala pang'ono kuthyoledwa, limangosanduka sefa. Ndipo mwana wamkazi wa achemwali omwewo adali atasankhidwa kukachita maphunziro a unamwino. Bambo ake adamwalira kalekale. Mwini mbumba ndine. Fizi imayang'ana ine, ine nkumayang'ana chigafa chopanda kanthu.

Tidakhala pansi pakhonde la mayi aang'ono. Achemwali, amene mwana wawo ndiye amafuna fiziyo, ndi amene adakana kwambiri. Adati, "Achimwene, munthu amagulitsa mbuzi, sagulitsa nkhope ya kholo lake. Akakaipachika m'nyumba ya munthu wosamudziwa, akamadya nkumaiyang'ana, ife tidzagona tulo?" Mng'ono wanga adati ndi pepala chabe, ndipo chiswe chayamba kale kudya fulemu, tikachedwa tidzagulitsa fumbi. Ine pakamwa padandiuma, chifukwa onse awiri amanena zoona. Mayi aang'ono adakhala chete nthawi yaitali, akusisita galasi la chithunzicho ndi dzanja popeza kuona sakuona bwino. Kenaka adati, "Bambo adapita ku Joni kukagulitsa mphamvu zawo kuti ife tivale. Asiyeni apitenso kachiwiri, akamugwirire ntchito mdzukulu wawoyu." Palibe adayankha. Achemwali adalowa m'nyumba, ndipo tsiku limenelo sadadye.

Kunyamula chinthu cha choko ndi ntchito. Mayi wa ku okushoni uja adalamula kuti tisachichotse m'galasi, tisachipukute, tisachipopere mankhwala alionse, ngakhale banga la utsi lija tilisiye. Choko sichilowa m'pepala ngati inki, chimangokhala pamwamba ngati ufa, ukachikhudza ndi chala chimachoka, ukachigwedeza kwambiri chimayoyoka. Adatinso tisachotse thabwa lakuseri ndi misomali yake yadzimbiri, chifukwa ogula amayang'ana kuseri kuti akhulupirire zaka zake. Ine zidandidabwitsa. Fodya timamukonza kuti akaoneke bwino pamsika, koma ichi akuti ukachikonza wachiononga. Mnzake wa mnyamata wathu amene amabwerera ku Joni adachitenga pa basi atachikulunga m'bulangete pakati pa makatoni awiri, nkuchifungatira pamiyendo ulendo wonse, kudutsa pa Dedza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge.

Mawu oti okushoni ife a kuno tidabadwa nawo. Ine ndidayamba kugulitsa bale m'dzina langa m'zaka za m'ma 1990, boma litalola alimi ang'onoang'ono kulima fodya ameneyu, amene kale adali wa maesiteti okha. Ndapondako ku Kanengo, ndapondako ku Chinkhoma. Choncho mnyamata wathu akamandifotokozera za okushoni ya zithunzi, ine ndimayerekeza ndi yathu, ndipo ndikuuzeni pamene zikusiyana.

Ku fodya umayamba ndi nazale mu Seputembala, kuokera mvula ikagwa, feteleza, kupalira, kuthena, kuthyola, kusoka, kupachika pa mikangala, kusankha magiredi, kudinda pa jeke. Miyezi isanu ndi itatu ndalama zikungotuluka. Mtengo umakaudziwa tsiku limodzi, pamene mzere wa ogula ukudutsa pa belo lako, wina nkusolola tsamba, kulinunkhiza, woitanira akuyimba manambala ake amene mlimi sumva, nkupita pa belo lina usadaphethire kawiri. Kapena nkulemba kuti labwezedwa, mwina ati muli chuku, mwina magiredi asakanikirana, mwina apezamo kapulasitiki. Boma limaika mitengo yoyambira msika usadatsegulidwe, inde, koma giredi ya belo lako sutchula ndiwe. Masiku ano fodya wambiri ndi wa kontirakiti, koma nkhani ya giredi ndi yomweyo.

Ku zithunzi adayamba ndi kutitumizira pepala loti tisaine, chinthu chisadapite pamsika. Papepalapo padali mtengo umene akuyembekeza, ndi mtengo wotsikitsitsa umene ife eni ake tavomera, woti anthu akapanda kufikapo chithunzi sichigulitsidwa, chibwerera kwathu. Tidagwirizana 8,000. Padalembedwanso zonse zimene adzadule: komishoni yawo, ndalama yojambulira chithunzi cha m'kabuku ka malonda, inshuwalansi, ndi msonkho wa pa komishoniyo. Kabukuko kamatuluka masabata angapo tsiku lisadafike, anthu nkumabwera kudzaona katundu, kufunsa, kuyang'ana kuseri. Apa pokha ndidawasirira. Kudziwiratu zodulidwa usadapereke katundu ndi chinthu chimene mlimi wa fodya angachikonde.

Koma pali pamene okushoni zonse ziwiri zili pachibale. Mwini katundu sayankhula. Amene amanena kuti chinthu chako ndi chiyani ndi munthu wina, ndipo mawu akewo ndiwo mtengo. M'kabuku muja poyamba adalemba kuti chithunzi cha bambo wina, wojambula sakudziwika. Basi. Agogo anga, amene adabereka ana asanu ndi awiri, amene dzina lawo likadali pa mudzi uno, asanduka bambo wina. Mnyamata wathu adapita kukadandaula. Adavomera kuonjezera kuti adali wogwira ntchito mumgodi wochokera ku Nyasaland, kuti chidajambulidwa mu 1949, ndiponso kuti chakhala m'banja limodzi ku Kasungu kuyambira nthawi imeneyo. Mayi uja adati mzere umenewu ndi wofunika, ogula amafuna kudziwa m'manja m'mene chinthu chadutsa. Koma adanenetsa kuti chimene chikadakweza mtengo kwenikweni ndi dzina la wojambula. Tizilembo tiwiri tofufutika tija tikadawerengeka nkupezeka kuti ndi munthu wodziwika, nkhani ikadakhala ina.

Kuti ndimvetse, mnyamatayo adanditumizira nkhani ziwiri pa WhatsApp, ndipo aphunzitsi opuma aja adandimasulira. Yoyamba ndi ya mu Disembala 2012 ku London, ku nyumba ya okushoni yotchedwa Sotheby's. Kudagulitsidwa pepala limodzi lojambulidwa mutu wa mtumwi ndi choko chakuda, ntchito ya Raphael wa ku Italy amene adamwalira mu 1520. Lidapita pa mapaundi 29.7 miliyoni. Choko chakuda pa pepala, ngati cha agogo. Ndidayesa kuwerengera kuti ndi mabelo angati a bale, foni idandithera manambala.

Yachiwiri ndi imene idandikhalitsa pansi. Mu 1998 ku New York, nyumba ya Christie's idagulitsa chithunzi cha mtsikana woyang'ana chammbali, chojambulidwa ndi choko chamitundu ndi inki pa chikopa chopalidwa. Mwini wake adali mayi wamasiye, Jeanne Marchig. Akatswiri a kumeneko adalemba kuti ndi ntchito ya ku Germany ya zaka za m'ma 1800, ndipo chidagulidwa pa madola osakwana 22,000. Patapita zaka zoposa khumi, pulofesa wa ku Oxford, Martin Kemp, adalengeza kuti iye wafufuza ndipo chidajambulidwa ndi Leonardo da Vinci, nachitcha La Bella Principessa. Pomwepo anthu adayamba kutchula mamiliyoni ochuluka. Mayi uja adakasuma ku khoti, khoti nkuti wachedwa, nthawi yosumira idadutsa. Nkhani sidathere pomwepo. Akatswiri ena mpaka lero amakana kuti si cha Leonardo, ndipo mu 2015 munthu wina wa ku England, Shaun Greenhalgh, amene adakhalapo m'ndende chifukwa chopanga zinthu zachinyengo zooneka ngati zakale, adati adachijambula ndi iyeyo, potengera nkhope ya mtsikana wogulitsa m'sitolo. Chikopa chomwecho, nkhope yomweyo, sichidasinthe ngakhale kadontho. Chimene chimasintha ndi giredi imene anthu ophunzira akuchipatsa. Mayi ameneyu ndidamumvera chisoni ngati mlimi mnzanga.

Achemwali atamva nkhaniyi adati, "Mwaona achimwene? Nanga cha agogo chikadzapezeka kuti ndi cha munthu wotchuka?" Ndidawayankha kuti zikhoza kutheka, koma fizi ikufunika chaka chino, ndipo chiswe sichidikira pulofesa.

Tsiku la okushoni lidali Lachiwiri madzulo. Masiku ano amaonetsa pa intaneti, munthu ukhoza kupikisana nawo uli kunyumba kwako. Tidakwera pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi pamene netiweki imagwira bwino, ine, mng'ono wanga, mtsikana wa fiziyo ndi aphunzitsi. Achemwali adakana kubwera. Tidadikira pafupifupi maola awiri, akugulitsa zithunzi za mapiri, za maluwa, zina zoti sungadziwe kumwamba ndi kuti, pa mitengo yoti umachita kufunsa ngati wamva bwino. Kenaka nkhope ya agogo idatulukira pa foni, jekete ija ili mbee. Mtsikana adagwira pakamwa.

Woitanirayo adayambira pa 6,000. Chete. Mtima wanga udagunda ngati m'mene umachitira mzere wa ogula ukaima pa belo lako nkumayang'anana. Wina m'chipindamo adakweza kakhadi. 6,500. Wina wa pa intaneti adayankha. Adakwerana awiriwo, 8,000 idadutsa, mng'ono wanga nkuyamba kudumpha pachulu. Pa 12,000 wa m'chipinda uja adaima kaye, nkukwezanso kamodzi. Wa pa intaneti adafika 14,000. Woitanira adayang'ana uku ndi uku, nkumenya kanyundo. Aphunzitsi amayang'ana wotchi, akuti zonse sizidakwane mphindi imodzi ndi theka. Pamene timati tipume, pa foni padali kale chithunzi cha ngalawa.

Ndalama sizibwera tsiku lomwelo. Amayamba adikira wogula alipire, ndipo wogulayo amalipira 14,000 ija kuonjezapo komishoni inanso yake, kutanthauza kuti nyumba ya okushoni imadya mbali zonse ziwiri. Patatha mwezi ndi masiku adatumiza pepala la zodulidwa. Nditaliona ndidaseka ndekha, chifukwa lidafanana ndi limene timalandira tikagulitsa fodya: pamwamba nambala yosangalatsa, m'munsi mizere yodula, pansi penipeni kanambala kako. Kwa ife kudatsala marandi 11,400. Tidachotsapo ya mnyamata amene adachifungatira pa basi uja ndi yotumizira ndalama kuno. Zotsalazo zidalipira fizi ya chaka choyamba, yunifolomu, nsapato zoyera ndi thiransipoti. Chaka chachiwiri chikudikira fodya wa chaka chino. Ine sindidagulepo ngakhale thumba limodzi la feteleza.

Amene adagula sitimudziwa. Mnyamata wathu adafunsa, adamuuza kuti malamulo awo salola kutchula wogula, koma akhoza kumupatsira kalata. Ndiye tidalemba, aphunzitsi nkuika m'Chingerezi. Tidalembamo dzina la agogo ndi mfunda wawo, mudzi wawo, chaka chimene adamwalira, nkhani ya jekete, ndi chifukwa chake mbali imodzi ili yakuda ndi utsi. Achemwali, amene adakhala masabata atatu osandiyankhula bwino, adabwera madzulo tikulemba nkuti tionjezere kuti asachipachike moyang'ana dzuwa, agogo maso ankawawawa ndi kuwala chichokereni mumgodi. Tidalemba momwemo. Yankho silidabwere mpaka lero.

A ku okushoni adatipatsa chithunzi chimene adajambula ndi kamera yawo yaikulu, ndipo tidakachitsukitsa ku Kasungu boma, makope anayi, nyumba iliyonse yake. Chimaoneka bwino kuposa chenicheni, ngakhale banga la utsi likuoneka. Nditapita nacho kwa mayi aang'ono adachisisita ndi dzanja monga amachitira, nkufunsa kuti bwanji chapepuka chonchi, thabwa lakuseri lapita kuti. Ndidawauza kuti lidapita limodzi ndi agogo ku Joni. Adati chabwino, koma ndiwapezere kalipentala apange fulemu yolemerako, ya mlombwa ngati ungapezeke, chifukwa iyi ya pulasitiki mphepo ya mu Ogasiti idzaigwetsa. Kalipentala wanena kuti ndipite Lachisanu.